Chitseko cha Amayi

Loweruka, 14 Ogasiti

Okondedwa Achimwene,

Mundikhululukire kalembedwe. Ngati zilembozi zikuoneka ngati nkhuku yayenda pa pepala, n'chifukwa chakuti chala changa chachikulu chatupa ndipo chikhadabo chada bii. Ndadzipana ndekha ndi chitseko cha Dona, galimoto ya Abambo ija, m'mawa uno, pamaso pa mlendo wanu, ndili mkati moonetsa luso. Ndinali nditangomuuza kuti chitsekocho tsopano chimatsekeka ndi chala chimodzi, ndipo ndinachikankhadi ndi chala chimodzi, kuiwala kuti dzanja linalo ndalisiya pa felemu. Zaka zinayi za ku koleji zija sizinandiphunzitse kuchotsa dzanja. Sindinakuwe, paja mphunzitsi sakuwa pamaso pa alendo, ndinangovina pang'ono. Mlamu wanu, amene ankayanika zovala, anaseka mpaka kukhala pa ndowa. Mlendoyo anandipatsa mpango wake woyera kuti ndimange, moti pano ndikukulemberani nditavala mpango wa mnzanu.

Iye akadali pano. Wakhala pakhonde, wamwa makapu atatu a tiyi, ndipo ine ndamunamiza kuti ndikuchonga mayeso. Akudikira kuti Amayi atuluke m'galimoto. Amayi sakutuluka. Ndikufuna ndikufotokozereni mmene tafikira pamenepa, kuyambira poyambira penipeni, ndipo ndasankha pepala dala, chifukwa pa foni mumalankhula ndinu, ine ntchito yanga ndi "inde achimwene".

Mukudziwa kuti chimwalirireni Abambo, zaka khumi ndi ziwiri tsopano, Amayi amakhala m'galimoto yawo ija masana aliwonse. Mukudziwa chifukwa ndinakuuzani, komanso munaona pa zithunzi. Akatha kudya amatenga zoluka zawo, n'kupita pansi pa shedi, n'kukhala mbali yawo yomwe ija, pafupi ndi mpando wa woyendetsa umene sakhalapo munthu. Magalasi awo a maso amasunga m'kabokosi ka kutsogolo. Kiyi amasunga m'chikwama chawo, ndipo ine ndimachita kupempha kamodzi pamwezi kuti ndiwazungulitse mpaka ku positi ofesi ndi kubwerera, injini isaiwale ntchito yake. Galimoto yomwe ankaitcha mkazi mnzawo Abambo ali moyo, lero ndiyo mnzawo weniweni. Dzina loti Dona analipereka ndi iwo, mwachipongwe, koma pano amalitchula ngati akuitana m'bale.

Chitseko cha mbali yawocho chinayamba kugwa kalekale. Mawondo awo mukuwadziwa. Potuluka amatsegula, n'kugwira pamwamba pa chitseko ndi manja onse awiri, n'kudzikoka. Mahinjesi anatopa. Kuti chitsekeke unkayenera kuchinyamula kaye ndi bondo kenako n'kuchimenyetsa, ndipo ngakhale utatero loko sankagwira. Amayi ankangochimangirira ndi lamba wakale wa Abambo. Mu Meyi muja anadzikoka monga mwa masiku onse, chitseko chinatsika, iwo anapezeka akhala pansi m'fumbi, zoluka zili uko. Sanavulale, koma anakhala masiku awiri osalankhula ndi Dona.

Nditakuuzani pa foni, munandidabwitsa. Simunanene kuti muli pamsonkhano. Munafunsa mafunso, ndi angati mahinjesi, atha mapini okha kapena ndi mabushi omwe, ndipo patangotha milungu iwiri phukusi linafika. Munali mapini anayi a zitseko zonse ziwiri ndi mabushi ake, timphete ta mkuwa tolowamo mapiniwo, okulungidwa m'pepala la mafuta, enieni a galimoto ya zaka zimenezo, osati osula pamsika. Pamwamba pake panali kapepala ka dzanja lanu: "Amayi asavutikenso." Ndinawawerengera kawiri. Anakapinda bwinobwino n'kukaika m'kabokosi muja, pamodzi ndi magalasi. Tsiku limenelo ndinauza mlamu wanu kuti munthu amasintha, iye anangoti aone.

Ntchito ndinagwira ndi a Pang'onopang'ono, makaniko wa Abambo uja. Akalamba, koma mawu awo akadali omwe aja amene anawapatsa dzina. Ine ndinafika ndi sipanala m'manja ndi mtima wofuna kumasula chilichonse chooneka ngati bawuti, iwo anandilanda sipanalayo n'kundipatsa choko. Anati tisanakhudze kanthu, ndijambule mzere kuzungulira hinjesi iliyonse pomwe yakhalira, chifukwa chitseko chikachoka chimaiwala kwawo, ndipo wochikumbutsa ndi mzerewo. Anati choko ndiye chida chokhacho chimene angandikhulupirire nacho. Kenako tinathira mafuta pa mapini, n'kudikira masiku atatu. Ndinafunsa ngati palibe njira yachidule, anandiyang'ana ngati mmene Abambo ankayang'anira lipoti langa la masamu.

Tsiku lochotsa chitseko anaika jeke pansi pake, pamwamba pa jeke thabwa, pamwamba pa thabwa bulangete lakale kuti penti isakalike. Iwo anagona chagada ndi hamala ndi kachitsulo kokhomera, kumenya pini kuchokera pansi kuti ituluke chokwera. Ine udindo wanga unali kukumbatira chitseko. Achimwene, chitseko cha galimoto zakale si cha masiku ano. Ndinakhala ngati ndikuvina ndi munthu wonenepa amene wakomoka. Mapini a mbali ya Abambo anatuluka mwaulemu. Ya pamwamba ya mbali ya Amayi inavuta pang'ono. Ya pansi inakana kwamtuwagalu, mpaka tinachita kuiwotcha ndi moto, ndipo itatuluka inagwera pa simenti n'kugubuduka mpaka pa phazi la Amayi.

A Pang'onopang'ono anaitola, anaipukuta, n'kuindandalika pa thabwa pamodzi ndi zinzake. Anandionetsa kuti za mbali ya Abambo zinatha mofanana kuzungulira konse, monga zimathera za munthu wotsegula ndi kutseka mwaulemu. Koma iyi inadyeka mbali imodzi yokha, pakati pake patatsala ngati chiuno cha mavu.

"Uku si kutha kwa msewu, aphunzitsi," anatero. "Uku ndi kulemera kwa munthu."

Ponena zimenezi sanandiyang'ane. Milungu itatu yonse ya ntchitoyo sanandiyang'ane bwino m'maso, ndipo ine, katswiri wowerenga anthu m'mabuku, ndinati akumbuka mnzawo.

Amayi sanajombe ngakhale tsiku limodzi. Chitseko chili chotsamira khoma, iwo ankakhalabe pa mpando wawo, kumadandaula za mphepo ndi kumatiyang'anira ngati kapitawo. Ankatiuza kuti bambo anu akanamaliza kalekale, pomwe tonse tikudziwa kuti Abambo sankatha ngakhale kusintha babu. Mabushi akale tinawakhomera kunja, atsopano tinawalowetsa ndi chopanira chija amati vayisi, tinapaka girizi, tinabweza chitseko pa mizere yanga ya choko. Apo m'pamene ntchito yeniyeni inayambira. Kumasula pang'ono, kukweza pang'ono, kumanga, kutseka, kuyeza mpata ndi kachidutswa ka katoni, kupukusa mutu, kumasulanso. Masiku awiri athunthu. Lachinayi madzulo anandiuza kuti ndikankhe ndi chala, ndipo chitseko chinapita chokha n'kungoti thi, ngati munthu watseka pakamwa.

Chimene sitinayembekezere ndi ichi. Popeza chitseko chinabwerera pamalo pake, loko anayambanso kugwira, ndipo kabatani kokhomera mkati kaja, kamene kanauma zaka zonsezi, kanatsika. Amayi anakakweza, anakatsitsa, anakakwezanso, akuseka ngati mwana wapatsidwa chidole. Anamasula lamba wa Abambo n'kumupinda pamiyendo. Anati ndikuuzeni kuti mwachita zaumunthu. A Pang'onopang'ono analongedza zida zawo mwachangu chimene sindinawaonepo nacho, anakana tiyi, ndipo anaiwala chipewa chawo pa jeke.

Lero cha m'ma naini kwafika mlendo wanu. Ndisamunamizire, ndi munthu waulemu. Anayamba wapereka moni kwa Amayi ndi manja awiri, anati ndi mnzanu, ndipo wamva zambiri za galimotoyi. Anaizungulira katatu, anagwada kusuzumira kunsi, anatsegula ndi kutseka zitseko atapendeketsa mutu ngati dokotala womvetsera pachifuwa. Ine kuona munthu wa chidwi chotero, uphunzitsi unandikwera. Chala chili m'mpango, ndinamupatsa phunziro lonse la mahinjesi, choko, jeke, katoni, mpaka ndinafika pa mapini. Ndinamuuza kuti amenewa sapezeka wamba, mkulu wanga anachita kusakasaka kunja kuli konse chifukwa cha mayi ake. Anandilola kumaliza. Kenako anatsokomola n'kunena kuti akuwadziwa mapiniwo, achokera m'dirowa yake. Anawasunga zaka zisanu ndi chimodzi kudikira galimoto ngati iyi, ndipo anakupatsani inu kuti mutumize, chifukwa munagwirizana kuti adzaitenga zitseko zili bwino. Lole yodzainyamula inali itaima kale pakona.

Ataona nkhope yanga anachita manyazi kuposa ine. Anati ankaganiza kuti ndikudziwa. Anatulutsa mapepala m'chikwama, ndipo ndinaona siginecha yanu, yopindika ngati ya nduna ija. Sindikutsutsa kuti galimotoyi ili m'dzina lanu. Ndinalipo tsiku limene Abambo anaisintha, akuti mwana wamkulu ndiye adzasamale amake. Chimene ndinayang'anitsitsa ndi deti. Marichi, Achimwene. Amayi anagwa mu Meyi. Ndiye kuti pamene ndinkakuuzani kuti mayi athu akhala pansi m'fumbi, inu munali mutagulitsa kale mpando umene anagwapo, ndipo kugwa kwawoko kunangokupezerani mawu abwino olemba pa kapepala.

Ndinamusiya mlendo pakhonde, ndinatenga chipewa chija, ndinapita ku galaja. A Pang'onopang'ono atangondiona pakhomo anaika sipanala pansi. Sindinafunse n'komwe. Anati mlendoyo anawapeza mu Marichi momwemo, ndipo inu munawaimbira kuwapempha kuti asandiuze, chifukwa ine ndimalankhula kwambiri ndipo ndikanasokoneza Amayi nthawi isanakwane. Akuti munawauza kuti Amayi mudzawagulira mpando wofewa wa m'nyumba, wokhala ndi poika mapazi. Ndinawafunsa chimene anavomerera, iwo amene ananyamula nawo bokosi la Abambo. Anati akanakana, mukanapeza mnyamata wa galainda, ndipo mahinjesi a mnzawo akanadulidwa ngati nkhuni. Anati anasankha kuti ngati Dona akupita, apite ali wolongosoka. Ndinawapatsa chipewa chawo. Sanachivale, anangochigwira.

Pobwerera ndinkakonza mawu owauzira Amayi. Ndinakonza ndime zitatu zabwino ndithu. Sizinafunike. Makutu aja amene samva ndikamati amwe mankhwala, anali atamva kudzera pa windo la kukhitchini zoti galimoto yagulitsidwa. Ndinawapeza atavala jekete lawo la Lamulungu, atakhala mbali yawo, chikwama pamiyendo, zitseko zonse ziwiri zotseka, mabatani onse awiri ali pansi. Mlamu wanu akuti anawaona akudzitambasula pa mpando wa Abambo kuti afikire la kutalilo, ndi msana womwe uja umene amati suwalola kutola singano. Kiyi, monga mwa masiku onse, ali m'chikwama.

Mwezi wapitawu zimenezi sizikanatheka. Mwana aliyense akanamasula lamba n'kutsegula. Loko ameneyu mwamukonzetsa ndinu.

Mlendo anapita kukalankhula nawo pa kawindo kakang'ono ka makona atatu kaja, kamene anakatsegula kuti mphepo izilowa. Anawerama, manja kumbuyo. Anawauza kuti galimotoyi ikakhala m'nyumba yeniyeni, ya matailosi, yosalowa fumbi, kuti izikapukutidwa sabata iliyonse, ndipo anthu azikabwera kudzaiona. Amayi anamvetsera akuluka. Kenako anamufunsa kuti nanga mbali inoyi azikakhala ndani. Iye anati palibe, galimoto zoterezi sakhalamo anthu, mipando ingathe.

"Ndiye mahinjesi mumawafuniranji, bambo?" anatero Amayi.

Ine ndinayang'ana chala changa. Patapita kanthawi Amayi anamuuza kuti alibe naye mlandu, ndi mwana wa munthu, ndipo mlamu wanu amupatse tiyi. Koma anati galimoto anaisiya m'manja mwa mwana wawo wamkulu ndi bambo ake, ndiye mwana wamkuluyo abwere adzawatsegulire yekha chitseko, awagwire dzanja, awatulutse. Akatero sadzakana.

Woyendetsa lole analiza hutala cha m'ma thwelofu, analizanso cha m'ma wani, ndipo itakwana thu anapita. Mlendo wakuimbirani katatu ndili pomwepo. Ine ndakuimbirani kawiri. Foni yanu ikuitana bwinobwino, ndakondwa kuti ili moyo.

Musadandaule kuti Amayi agona momwemo. Ndi munthu wamkulu, wamwa madzi, ndipo dzuwa likapendeka shedi imazizira. Atuluka. Koma ndikuwadziwa, mawa adzalowa kusanache bwino, ndipo mkuja chimodzimodzi, ndipo ine sindidzawaletsa. Ndidzawanyamulira bulangete.

Tsopano ndinene zanga, chifukwa si bwino kuti m'kalata yonse woyera akhale wolemba. Chaka chatha, tsiku limene batire linafa ndili pakati pa msewu ndi Amayi, ana a sukulu yanga akundikankha, ndinakuuzani pa foni kuti chigalimoto chimenechi chikungodya malo. Ndinanenadi. Kawiri konse ndayezapo shedi ija ndi maso, kuganiza za mashelefu a mabuku. Mwina munatolera pamenepo, n'kuganiza kuti mukundithandiza. Ngati ndi choncho, mukanandiuza, tikanakangana ngati ana a munthu mmodzi, mwina mukanandigonjetsa, paja mumatero kuyambira tili ana. Mwina muli pa vuto limene simunatiuze. Ngati lilipo, nenani, sitinaleke kukhala abale anu. Koma inu munasankha kugwiritsa ntchito manja anga. Milungu itatu ndakumbatira chitseko chija, ndathyoka zikhadabo, ndanunkha girizi m'kalasi, ndikuganiza kuti ine ndi inu tikuchitira Amayi chinthu chimodzi pamodzi, koyamba chimwalirireni Abambo. Ndinkanyadira, Achimwene. Ndinauza ngakhale aphunzitsi anzanga. Galimotoyo ndingaiiwale, koma kunyadira kumeneko ndi kumene kukundiwawa kuposa chala.

Kapepala kanu kakadali m'kabokosi. Sanakatulutse, ndipo ine sindinawauze za deti. Ndawabisira chimenecho chokha, pamodzi ndi kumene mapini anachokera. Akudziwa kuti munagulitsa, koma akuganiza kuti maganizowo anakubwererani pambuyo, mutalemba kale mawu aja ndi mtima wonse. Sindikudziwa ngati ndikubisira iwo kapena inu.

Muona kuti envulopuyi ikulemera. Ndaikamo pini ija ya pansi, ndaikulunga m'pepala lomwe munatumizira zatsopano. Musaitaye musanaiyendetse chala pakati pake. Podyekapo ndi masana onse amene Amayi anadzikoka okha kutuluka m'galimoto, inu muli kutali, ine ndili m'nyumba ndikuchonga mayeso enieni. Sindinawerenge kuti ndi angati, masamu mukundidziwa.

Pempho langa ndi limodzi. Musandiimbire ine, ndingoti "inde achimwene" mwachizolowezi. Bwerani. Ngati mwatsimikiza kuti Dona apite, dzatseguleni chitsekocho nokha. Sichivuta, chala chimodzi chikwana, koma muchotse dzanja linalo.

Ndaima kaye pang'ono chifukwa ndamva mpando ukukhwekhwereza pakhonde. Mlendo wanu waimirira. Wabweza kapu kukhitchini yekha, wathokoza mlamu wanu, ndipo wandiuza kuti lole sadzaitumizanso mpaka atamva kuchokera kwa inu, koma mapepala ndi mapepala, sangawang'ambe. Ndati ndimuchapire mpango, wati ndisunge. Wapita pa kawindo kukatsanzika, ndipo Amayi amuuza kuti ayende bwino, asamale ndi chitsulo cha pageti chimakola mathalauza.

Mlamu wanu akupereka moni, wati ndilembe kuti waona. A Pang'onopang'ono sanapereke, ndipo sindinawapemphe. Mupereke moni kwa alamu ndi ana, muwauze kuti agogo awo amaluka zipewa zawo atakhala pati. Ndapita kukawafunsa Amayi ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Ati muzivala zofunda, amva kuti kumeneko kukuzizira. Ati chitseko chikutsekeka bwino kwambiri, zikomo.

Geti lalira, mlendo watuluka. Kabatani kakadali pansi.

Ine mng'ono wanu,
uja munkamuti Pulofesa